Chisamani Chimene Atsibweni Anandisungira

Ndinaganiza zochoka tsiku limene mabelo athu atatu anabwerera kachiwiri kuchokera ku okushoni. Ndinali m'chigafa, zala zili bii ndi utomoni wa fodya, amuna anga, bambo a Tadala, atakhala pa jeke yopanira mabelo, mutu uli m'manja ngati afedwa. Chaka chonse tinali titavutika. Nazale, kuthirira ndi makheni awiri, kuwokera mvula ili pamsana, kuthyola, kusoka, kusankha masamba mpaka maso kuchita chidima. Mapeto ake ogula angoti fodyayu ngwosakaniza, bwererani nayeni. Ndinapukuta zala pachitenje n'kunena kuti, "Ine ndikupita ku Joni." Iwo anaseka. Amvekere, "Iwe amene sunafikepo ndi pa Dedza pomwe?" Kuseka kumeneko n'kumene kunandigulitsitsa mbuzi zanga n'kukapangitsa pasipoti. Ine ndine Nambewe, munthu akandiseka ndiye kuti wandilipirira basi.

Sindinathawe banja ayi, ndipo mawu amenewa muwasunge. Tinakhala pansi, ankhoswe a mbali zonse alipo. Wa mbali yanga anali atsibweni a Jailosi, mlongo wawo wa amayi anga, mkulu wa mpingo, munthu woti nkhuku ya eni ikaikira pakhomo pawo amanyamula dziralo kukapereka kwa mwini wake. Tinapangana kuti ine ndikagwire ntchito, bambo a Tadala atsale ndi munda ndi mwana, ndipo zimene ndizitumiza timangire nyumba papuloti yathu pa Santhe. Atsibweni anapemphera, anandipatsa mtedza wokazinga m'kajumbo, n'kunena kuti, "Pita, za kuno usade nazo nkhawa. Ife tilipo." Ndinakwera basi mtima uli m'malo.

Ku Joni ndinapeza ntchito yosamala gogo wina wachizungu amene anafa ziwalo mbali imodzi. Kumunyamula, kumusambitsa, kumudyetsa ndi sipuni, kumusintha akadziipitsira, iye akundikalipira m'chilankhulo chimene sindinkamva. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Masiku a m'pasipoti atatha ndinasanduka munthu woyenda mozemba. Ndikaona galimoto ya polisi, ndinkalowa m'shopu ngati ndikufuna kugula kanthu. Zobwera kudzacheza kumudzi panalibe, chifukwa ukatuluka wadzitsekera wekha khomo. Zaka zisanu ndi chimodzi, abale anga! Kusungulumwa kwake sindikukometserani, ndinkalankhula ndi ketulo. Lamulungu tinkakumana Amalawi m'kalasi ya sukulu ina n'kupemphera, tikamabalalika aliyense ankachedwachedwa pageti chifukwa chongofuna kumva Chichewa pang'ono.

Chimene chinkandilimbitsa chinali foni. Bambo a Tadala ankanditumizira zithunzi. Ndinaona maziko, ndinaona khoma likufika pazenera, kenako malata akung'anima. Chitseko ndinalamula ndine kuti achipake penti yobiriwira. Nyumba imeneyo ndinkaidziwa njerwa ndi njerwa, koma phazi langa linali lisanapondemo. Atsibweni sakonda zolemba pafoni, ndiye ankangojambula mawu n'kutumiza, pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mawu ake sankasintha: "Moni Nambewe. Kuno tonse tadzuka bwino, kulibe chachilendo. Gwira ntchito ndi mtima umodzi." Sindinafufute ndi amodzi omwe. Foni ikadzaza ndinkachotsa nyimbo, nditagula ina ndinasamutsiramo onse. Mpaka lero munthu akandiuza kuti kulibe chachilendo, ndimamuyang'ana kawiri.

Nanenso ndinali ndi nyimbo yanga. Atandiphwitsa anyamata pamalo okwerera mataksi n'kunditengera malipiro a mwezi, ndinatumiza mawu akuti ndili bwino. Mphika wa madzi owira utanditayikira pamkono, ndili bwino. Chibayo chitandigoneka m'chipatala masiku asanu ndi anayi, popanda ndi mmodzi yemwe wondibweretsera phala, ndinakokera mpweya n'kujambula mawu oseka, akuti kuno kukungozizira basi. Ndinkati ndiwadandaulitsirenji amayi, poti sangakwere basi kudzandiona.

Chaka chachisanu foni ya bambo a Tadala inayamba kudwala. Lero netiweki, mawa batire, mkucha akuti yagwera m'chitsime. Atsibweni anandiuza kuti ndalama ndizitumiza kwa amayi, zizipita kusukulu ya Tadala, chifukwa bambowo atanganidwa ndi fodya. Sindine mwana. Ndinadziwa kuti pali mkazi, ndipo ndinati ameneyo ndikathana naye ndikafika, tikakhala pansi ndi ankhoswe monga mwa nthawi zonse. Zoti kuli khoti, mutu wanga sunafikeko.

Gogo uja anamwalira nyengo yozizira, ana ake anandithokoza ndi sutikesi ndi envulopu, ntchito n'kuthera pomwepo. Pachipata cha dziko lawo anandidinda kuti ndisadzabwerenso kwa zaka. Ndinati dindani kawiri, ine ndili ndi nyumba kwathu. Sindinauze munthu kuti ndikubwera, ndinkafuna kuwadzidzimutsa. Wakabaza ananditsitsa pachitseko chobiriwira dzuwa lili paliwombo. Pazenera panali makatani a maluwa achikasu amene ndinatumiza ndekha kudzera kwa thiransipota.

"Odi!"

Munatuluka mayi wachitsikana, khanda kumbuyo. "Odini. Mukufuna ndani?"

"Ndikufuna mwini wake wa makatani awa, ndiye ndine."

Anandiyang'ana, anayang'ana zikwama. "Kapena ndinu mayi a Tadala? Koma nkhani ija si inatha kukhoti?"

Mayi ameneyo ndilibe naye mlandu, anandipatsa ndi mpando womwe. Bambo a Tadala anafika panjinga yamoto, osandipatsa ndi moni. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala la chidindo. "Wabwera osauza anthu bwanji? Chigamulo ndi ichi. Banja linatha chaka chatha. Unandithawa, ndipo nyumba ino ndinamanga ndi fodya wanga. Katundu wako ali kwa amako." Ndinawerenga pepalalo nditaimirira. Nyumba kwa mwamuna. Kwa mkazi, ziwiya za kukhitchini ndi makina osokera. Makina ake aja anafa Tadala asanayambe kuyenda.

Nditafika kumudzi anthu anangoti zii, ngati kwalowa wapolisi. Amayi anayamba kulira ndisanakhale ndi pansi. Atsibweni anabwera atavala jekete, anakhala pakhonde, n'kufotokoza modekha ngati akulengeza zopereka kutchalitchi. Akuti mesenjala wa khoti anabwera ndi chisamani, pepala londiitana kumlandu, ndipo poti ine kunalibe analandira iwo monga nkhoswe, n'kusayina. Tsiku la mlandu anapita. Atafunsidwa za katundu anayankha kuti, "Ife kwathu sitilimbirana katundu, bola mwana wathu ali moyo."

"Nanga osandiuza bwanji?" ndinafunsa.

"Munthu ali kutali sauzidwa zoipa pafoni. Ukanakomoka kumeneko, akanakutola ndani?"

"Tinkakusunga, mwanawe," anatero amayi.

Mwambo umenewu ndimaudziwa, asandinamize munthu. Kwathu kuno wina akamwalira, wakutali amangomuuza kuti odwala aja zavuta pang'ono, bwera udzawaone. Ineyo ndi pakamwa panga ndinamunamizapo mlongo wanga ali kuesiteti, bambo athu atatisiya kale. Koma maliro amakudikira mpaka ufike. Khoti silidikira munthu. Mudzi wonse unkadziwa, mpingo unkadziwa, ndi wakabaza yemwe ananditenga uja ankadziwa. Tadala, mwana wanga wa fomu 3, anandigwira m'chiuno akulira. "Amayi, anandiuza kuti ndikakuuzani BP ikwera, ndipo mukafa ndidzakhala ndakuphani ine." Apo ndiye ndinapsa mtima mpaka makutu kulira. Chaka chathunthu mwana akusenza katundu wa akuluakulu.

Sabata yomweyo ndinamva kuti nyumbayo ili pamalonda. Wogula soya wina wa pa Santhe anali ataiyendera kale, ndipo ankangodikira kuti msika wa fodya utsekedwe, bambo a Tadala asamukire kwawo kwa mkazi watsopanoyo ku Chisemphere. Ndinakwera minibasi wa ku boma, kukafuna maloya amene amathandiza anthu opanda ndalama. Ndinapeza loya wachitsikana, wometa tsitsi, wolankhula mosazungulira. Anawerenga chigamulo chija, anawerengera miyezi pazala, n'kupukusa mutu.

"Amayi, apilu ili ndi masiku ake, ndipo ndi ochepa. Anu anatha kalekale. Padutsa chaka ndi miyezi itatu."

"Ndiye mukuti ndikagone?"

"Sindinatero. Tikhoza kupempha khoti lalikulu ku Lilongwe kuti likuloleni kuchita apilu mochedwa. Koma jaji adzafuna zinthu ziwiri. Adzafuna kuona kuti apilu yanuyo ili ndi mutu, ndipo apo sindikuopa, mapepala otumizira ndalama muli nawo. Adzafunanso chifukwa chomveka chimene munachedwera. Pamenepo ndiye pali ntchito. Pepala likuonetsa kuti nkhoswe wanu analandira chisamani, ndipo aliyense adzati nkhoswe sangabise nkhani yotere. Atsibweni anuwo alembe chikalata cholumbira kuti sanakuuzeni. Ndipo fulumirani. Masiku a m'mbuyomu anakuchedwetsani ena, koma kuyambira pano mukachedwa ndi inuyo."

Atsibweni anakana kwamtuwagalu. Akuti iwo, mkulu wa mpingo, akagwire Baibulo pamaso pa boma n'kulumbira kuti ananamiza mwana wa mlongo wawo? Ndiye Lamulungu akaima bwanji kutsogolo? Amayi anandichonderera kuti ndisawachititse manyazi achimwene awo. Amayi a kumpingo anabwera atatu, atavala zoyera, kudzandilangiza. "Nambewe, madzi akatayika saoleka. Zisiye m'manja mwa Mulungu." Ndinawayankha kuti zoona, koma nyumba si madzi, ili pompo pa Santhe ndi malata ake, ndipo mlandu suwola. Anachoka akunong'onezana kuti ndabwera ndi mwano wa ku Joni. Eya, ndinabwera nawo. Ndinaugula modula, ndiye ndiusunge m'sutikesi?

Nditabwerera kwa loya uja manja ali m'khosi, anandifunsa ngati ndili ndi kalikonse koonetsa zimene achibale ankandiuza masiku amenewo. Ndinamupatsa foni. Anatsetsereza chala mpaka pa tsiku lolembedwa pachigamulo, ndipo panalidi mawu a atsibweni, otumizidwa masana a tsiku lomwelo. Tinamvetsera tonse awiri. "Moni Nambewe. Kuno tonse tadzuka bwino, kulibe chachilendo." Kumbuyo kwake kunkamveka mvula pamalata, ndi kondakitala akukuwa kuti Santhe, Santhe, wotsala mmodzi. Anajambula mawuwo ali padepoti, atangotuluka m'khoti. Ndinali nditawamvera kambirimbiri ku Joni, ndikumwetulira, osadzifunsa kuti nkhalamba yosakonda maulendo ikutani ku boma.

Ndinawapeza m'chigafa mwawo akusankha fodya, masamba ali m'milumilu, ofiira uku, owala uku. Ndinagwada monga mwa ulemu, ndinaika foni pabelo, n'kutsegula mawu aja. Manja awo anaima.

"Atsibweni, mawu anuwa akupita ku Lilongwe, kaya inu mupita kaya simupita. Musankhe nokha. Jaji amve foni ikukunenerani, kapena amve inuyo mukudzinenera."

"Ukufuna kundivula pagulu, mwana iwe? Ine sindinaname. Ndinakusunga."

Ndinapinda mkono wa bulauzi. Chipsera changa chimayambira pachigongono mpaka padzanja, ndipo chichokereni ku Joni ndinkachibisa ndi malaya aatali manja. Anachiyang'ana pakamwa pali yasa.

"Ichi ndinapsa chaka chachitatu. Tsiku limenelo ndinakuuzani kuti ndili bwino. Ndinagonanso m'chipatala ndi chibayo, ndinakuuzani kuti kukungozizira. Nanenso ndine wabodza, atsibweni, ndinaphunzira pakhomo pompano. Koma bodza langa linapweteka ine ndekha. Lanu likupereka nyumba ya Tadala kwa wogula soya. Inu amene simunabisepo tsamba lowola pakati pa belo, mwandibisira ichi?"

Anatola tsamba limodzi, analitambasula, analiika pamulu wolakwika, n'kulichotsanso. Kenako anadzuka n'kupita kunyumba. Ndinati basi, andithawa. Koma anabwerera ndi Baibulo lawo la chikwama cha zipi, anatsegula, n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi, losalala ngati lasitidwa. Chinali chisamani chija, dzina langa lili pamwamba.

"Ndinkachipempherera," anatero, osandiyang'ana. "Minibasi yoyamba imanyamuka nthawi yanji?"

Ku Lilongwe loya wa bambo a Tadala analankhula bwino, ndisaname. Anati kuchedwa kwanga kwanyanya, anati munthu wakeyo wakonza kale moyo wake potsamira chigamulo, ali ndi khanda, ndipo milandu ikamangotsegulidwanso chonchi palibe amene angakhale ndi mtendere. Anapemphanso kuti awafunse mafunso atsibweni pa chikalata chawo. Nkhalamba ija inaimirira, jekete lake la Lamulungu, chipewa chili m'manja. Loyayo anawapanikiza kuti n'zosatheka nkhoswe kukhala chete chaka chonse. Iwo anangoti, "Zinatheka, bwana. Ndinachita ndine." Foni inaseweredwa, kondakitala uja anakuwa Santhe m'khoti lalikulu, anthu ena mpaka kuseka. Jaji anavula magalasi.

"Bambo, n'chifukwa chiyani simunamuuze?"

"Bwana, kwathu ndi mmene timakondera munthu."

"Ndiye mwaona kumene chikondicho chamufikitsa?"

"Ndaona, bwana."

Misozi inanditsika, ndipo sindinaipukute. Ndinali nditawakwiyira miyezi iwiri, koma kuwaona ataweramitsa imvi zawo chifukwa cha ine kunandilasa. Jaji anandilola kuchita apilu mochedwa, n'kulamula kuti nyumbayo isagulitsidwe mpaka mlandu utamvedwa. Potuluka bambo a Tadala anandiponyera mawu akuti, "Sunapambane, angokutsegulira chitseko." Ndinati, "Ndimafuna chomwecho. Kulowa ndilowa ndekha."

Apilu yeniyeniyo inandidyera chaka china. Upite ku Lilongwe, akuti lero jaji ali ndi milandu ina. Upitenso, loya wa mbali inayo wadwala. Ndinkagulitsa kaunjika masiku a msika kuti ndipeze thiransipoti, anthu akudutsa n'kumandiloza ndi milomo. Ena ankabwera ngati ogula, atembenuze malaya awiri, kenako, "Koma mudakayendabe za nyumba zija?" Ndinkati ndidakayendabe, malayawo mugula? Tsiku lomaliza khoti linamva mbali yanga, imene inali isanamvekepo chiyambire. Linamva za pangano la pamaso pa ankhoswe, linaona mapepala ndi zithunzi zimene bambo a Tadala ankanditumizira okha, n'kugawanso katundu. Ngolo, ng'ombe ndi njinga yamoto zinatsala kwa iwo. Nyumba inabwera kwa ine. Makatani aja ndinamusiyira mayi wa khanda, ndinagula ena.

Panopa ndimakhala momwemo, chipinda cha kutsogolo ndinachisandutsa kashopu. Azimayi amene akuganiza za ku Joni amabwera kudzandifunsa za mabasi ndi mapasipoti. Ndimawauza zonse, ndi za ketulo zomwe. Koma chachikulu ndimawauza kuti kumudzi sadzakuiwala, adzakuchita choposa pamenepo. Adzakukonda ngati dzira, adzakuyankhira, adzakusayinira, adzakukhululukira anthu amene iwe sunawakhululukire, ndipo udzabwera n'kupeza kuti moyo wako anaugamula uli moyo. Ndinapita ku Joni ndikuopa achilendo. Amene anatsala pang'ono kundisiya panja ndi anthu oti angandifere.

Tadala tsopano ali ku Mzuzu, akuphunzira za unamwino. Mwezi wathawu atsibweni anagonekedwa m'chipatala ku boma, shuga, chilonda cha kuphazi chakana kupola. Tinali titazungulira bedi masana, nthawi yoona odwala, foni yanga n'kulira. Amayi ataona dzina la Tadala anandigwira mkono. "Usamuuze, ali pamayeso. Ungoti agogo ake ali bwino." Azakhali nawo akugwedeza mutu, ena akundiphethira diso. Ndinawachotsa dzanja amayi mwaulemu. Ndisanatsegule pakamwa, atsibweni anadzutsa mutu papilo.

"Nambewe, usachotsereko. Umuuze kuti madokotala akuti mwendowu audula Lachinayi."

Ndinayankha foni.

"Amayi, kumeneko kuli bwanji?"

"Tadala, khala pansi mwanangu. Kuno kuli chachilendo."